Sikipa Yachikasu Yochokera ku Joni

Zikomo amayi, zikomo abambo mwakhala kumbuyoko. Sendezani mabenchi kuno, mawu anga safika patali masiku ano. Ine ndine Rozina, kwathu amati Nangozo, ndimachokera kumapiri kuseri kwa Lizulu uko. Ena mwa inu mumandidziwa ngati mayi wosoka pakhonde. Ena achikulire mukundikumbukira ndili thapsa m'ngalande, ntchentche zikundizungulira pakamwa. Onse awiriwo ndine ndemwe, ndipo sindibisapo mmodzi.

Anzanga amene aima pano ine ndisanaime anena zazikulu. Wina adayamba mowa chifukwa cha maliro, wina atatuluka m'ndende, wina atamuchotsa ntchito. Ine chimene chidandigwetsa mukachimva museka, ndipo sekani, palibe mlandu. Idali sikipa. Sikipa yachikasu, ya manja aafupi, yokhala ndi kansalu koyera kukhosi kolembedwa chilembo chimodzi.

Amuna anga, a Filipo, adapita kumigodi ku Joni ine ndili ndi pakati. Idali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene pachipata cha msika ankayamba akufunsa khadi usanalowe ndi dengu lako. Amuna ambiri a kwathu ankapita, nkubwerako patatha zaka ziwiri ndi njinga, wailesi ndi bulangete lolemera. A Filipo zaka ziwiri zitakwana adalemba kuti awonjezera. Mwana wathu Melifa adabadwa, adakwawa, adayenda, adayamba kuyankhula, bambo ake akungowadziwira pachithunzi chimene ndidachisomeka paphaso.

Ine ndidabadwa wathupi. Akazi a mtundu wathu tonse tili choncho, mapewa otambalala, chifuwa chodzaza, msana woti thumba la kachewere limakhazikikapo bwinobwino. Nditabereka ndidawonjezera, ndipo palibe adaona cholakwika. Kumudzi mkazi akanenepa ankati akusungidwa bwino.

Melifa ali ndi zaka zinayi, bambo wina wobwerera kuchokera ku Joni adatula phukusi pakhomo panga. Amayi a m'mudzi adasonkhana, monga mudziwa kuti phukusi la ku Joni silimasulidwa mobisa. Mudatuluka sopo wonunkhira, nsapato za mwana, mpango, ndipo pansi penipeni padali sikipa ija. Masiku amenewo sikipa ya mkazi idali chinthu chosowa. Tinkavala madiresi ndi mabulauzi osoketsa kwa telala, chitenje pamwamba. Idadutsa m'manja mwa aliyense, ena akuinunkhiza, ena akuikhudzitsa patsaya.

Akazi a aphunzitsi, amene ankadziwa Chingerezi, adatembenuza kukhosi nkuwerenga kansalu kaja.

"Iyi ndi L," adatero. "L ndiye kuti yaikulu. Amuna anu amakudziwani, a Nangozo. Kavaleni tione."

Ndidalowa m'nyumba mtima ukuvina. Mutu udalowa bwino. Mikono idalowa movutikira, misoko ikulira. Nditaikokera pansi idakana kutsika, idathera pamwamba pa mchombo. Manja ake adandiluma m'khwapa ngati msampha, pachifuwa idathina mpaka kupuma kudavuta, koma khosi lake lidali lotambalala, lotsika, loonetsa zimene mkazi wa mwini saonetsa. Ndidaima m'kamdima kam'nyumbamo ngati mbuzi yomangidwa panjinga. Kunja akuitana. Ndikadavula, koma ndidaganiza kuti mwina ndi mmene amavalira kumeneko. Ndidatuluka.

Adaseka. Sikudali kuseka kwa nkhanza, inenso ndidaseka nawo. Koma kuseka kutazirala, mayi wina woyandikana naye nyumba adayankhula akutola nkhuni zake, osandiyang'ana nkomwe.

"Kaya a Filipo poigula adayezera pa ndani."

Mawu asanu ndi awiri okha. Mwini wake pofika kwawo adali atawaiwala. Ine adandilowa ngati thekenya.

Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kumuona mkazi amene sikipayo idamukwana. Ndinkaiyala pamphasa nkumamuyang'ana mmenemo. Mapewa ake aang'ono ngati a njiwa, chiuno chogwirika ndi manja awiri, mikono yosadziwa khasu. Kwathu kumapiri nkhungu imatsika m'mawa nkuphimba minda, mitengo ya mapichesi nkumaoneka ngati yayandama. Ndikamapita kuchitsime ndinkamuona patsogolo panga m'nkhungumo, chikasu chake chikuwala pang'ono, akuyenda osasiya mapazi pamame. Sankatembenuka. Ndinkafulumira kuti ndione nkhope yake, nkhungu nkumumeza. Sindidali wamisala, ndinkadziwa kuti palibe munthu. Koma ndinkamudikira m'mawa uliwonse.

Ndidadziuza kuti ngati kumeneko yaikulu ndi iyi, ndiye kuti ine si mkazi, ndine nkhokwe. Ndipo mwamuna amene wazolowera njiwa sangabwerere ku nkhokwe. Ndidapangana ndi mtima wanga kuti a Filipo akadzatsika basi adzandipeza nditavala sikipa yawo, itandikwana.

Ndidasiya chakudya cha m'mawa. Kenaka cha masana. Njala ikandipotokola ndinkamwa madzi otentha a mandimu. Tsiku lina mayi wotcheza kachasu kutsidya kwa mseu, mbali ya Mozambiki, adandiuza kuti kapu imodzi imapha njala tsiku lonse ndiponso imasungunula mafuta. Adanena zoona pa chinthu chimodzi, njala idafadi. Kachasu wa m'mimba yopanda kanthu sakuledzeretsa ngati mowa wa masese. Amakunyamula. Miyendo imapepuka, phokoso la msika limamveka ngati likuchokera kutsidya la mtsinje, ndipo mkazi wachikasu uja ankayenda pafupi kwambiri moti ndinkamva sopo wake.

Kapu idasanduka botolo la velemoti. Ndidagulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka mbewu ya kachewere imene ndidasungira dzinja. Munda udamera chisoso. Kutchalitchi ndidasiya, poopa kuti amayi anzanga amva fungo. Akulu anga a Anasitaziya, amene tidabadwa bere limodzi, adabwera kangapo kudzandilangiza, ine nkumawayankha kuti akuchita nsanje poti amuna awo sadaonepo Joni. Makalata a a Filipo ndinkangowaika paphaso osapita nawo kokawerengetsa. Lamlungu lililonse ndinkatseka chitseko nkuyesa sikipa. Pamimba idayamba kutsika. Pachifuwa idayamba kulola. Koma m'mapewa idakanabe, chifukwa fupa silimva njala. Ndiye ndinkawonjezera kusala, nkuwonjezera botolo.

Pasanathe chaka anthu ankandipatukira panjira. Khungu lidayera mbuu, milomo idafiira, chitenje ndinkachizunguliza kawiri. Ena ankanong'ona kuti andilodza. Ine ndinkadziona ngati ndatsala pang'ono kufika.

Tsopano ndifike pa tsiku lenilenilo, ndipo pano ndiyenda pang'onopang'ono.

Lidali tsiku la msika, mwezi wa Juni, kuzizira kuja kwa ku Lizulu kolowa m'mano. M'mawa umenewo sikipa idalowa yonse. M'khwapa idalumabe, koma idafika m'chiuno. Ndidaivala popanda juzi kuti anthu aione. Ndidamugwira dzanja Melifa, tidatsika phiri mpaka kumsika. Ndidamukhazika pambali pa thumba la kachewere la bambo wina wogulitsa m'mbali mwa mseu.

"Ukhale pompano," ndidamuuza. "Usachoke. Ndikubwera pompano."

Adagwedeza mutu, naika manja pamaondo.

Ndidawoloka mseu. Ndimakumbukira kapu yoyamba ndi yachiwiri. Ndimakumbukira ndikuuza anthu kuti amuna anga akubwera pa ndege. Kenaka ndimakumbukira udzu wofewa, mitambo ikuyenda pafupi, ndi mtendere waukulu ngati ndagona m'bwato. Ndidalota ndili ku Joni, misewu yake yoyera ngati mbale, ndipo aliyense wodutsa ankandipatsa moni.

Nditatsegula maso dzuwa lidali litapendeka, nkhungu yayamba kutsika. Ndidali m'ngalande. Sikipa idali itang'ambika kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, yodzaza matope ndi masanzi. Ndidakhala tsonga nthawi ndithu ndikuyang'ana chong'ambikacho, ndikuchilirira. Imvani bwino pamenepa, abale anga. Ndidayamba ndalirira sikipa, mwana ndidamukumbukira pambuyo.

Ndidawoloka mseu ndikudzandira. Msika udali utatha. Bambo wa kachewere adali atapita ndi thumba lake, padangotsala makoko a nzimbe ndi masamba a kabichi. Koma Melifa adali pomwepo, pamalo pomwe ndidamusiya, manja ali pamaondo. Adali atadzikodzera. Adamufunditsa shawelo yobiriwira, ndipo pambali pake, pansi pafumbi, padakhala mayi wina wachikulire wovala mpango woyera wophimba mutu ndi khosi, atagwira kapu ya tiyi.

Mayiyo ndinkamudziwa ndi maso okha. Adali Abiti Saidi, Msilamu, amene banja lake lidali ndi sitolo ya nsalu moyang'anana ndi msika. Amuna awo ndiwo adali telala, koma maso atawavuta, makina adatsala m'manja mwa mayiwo.

"Ndinu mayi wake?" adandifunsa. Sadakweze mawu.

Ndidavomera ndi mutu.

"Ndamuona kuyambira m'mawa ndili pakhonde. Masana ndidabwera kuti ndimutengere kunyumba akaothe moto, wakana. Ndidamunyamula, walira mpaka ndamubwezera. Akuti amayi anati ndisachoke. Ndiye ndatseka makina, ndabwera kudzakhala naye."

Ndidatambasula manja kuti ndimunyamule. Melifa adandiyang'ana ngati akuyang'ana munthu wodutsa. Sadalire, sadaseke. Adangofunsa kuti, "Tsopano ndichoke?"

Mawa lake mwana adatentha thupi, chifuwa chikulira. Akulu anga adamubereka kupita naye kuchipatala cha mishoni ku Nzama, kumene adati ndi chibayo. Adachira, Mulungu ngwabwino. Koma potuluka sadabwere naye kwa ine. A Anasitaziya adaima pabwalo langa, osakhala pansi.

"Mwanayu akhala kwanga," adatero. "Ukafuna kumuona, ubwere m'maso muli gwa. Ukabwera utanunkha, ndikuthira madzi. Ndatha."

Ndidalowa m'nyumba. Munkangomveka mbewa.

Mudziwa chimene chidanditulutsa? Shawelo yobiriwira ija. Idali ya mwini, ndipo ngakhale chidakwa chimadziwa kuti cha mwini amabweza. Patapita masiku atatu ndidaichapa, ndidapita nayo ku sitolo. Ndidasankha tsiku lopanda msika kuti anthu asandione. Nkhungu idali isanachoke, ndipo phokoso la makina ndidayamba kulimva khonde ndisanalione.

Abiti Saidi adalandira shawelo, nandiloza mpando. Ndidati ndikufulumira. Adati mpandowo sulipiritsa. Adalowa m'nyumba, nabwera ndi mbale ya phala la mpunga lothira nsinjiro, naiika pamwendo panga. Ndidati ndadya kale.

"Mwanangu, ine ndimayeza anthu tsiku ndi tsiku. Thupi limene ladya ndimalidziwa. Chakudya mwachilakwira chiyani?"

Sindidziwa chifukwa chake ndidawauza. Mwina poti sadali a kwathu, sadali a mpingo wathu, sakadakanena kwa wina. Ndidawauza za phukusi, za chilembo, za mawu a mayi uja, ngakhale za mkazi wa m'nkhungu. Sikipa ndidali nayo, ndidaimanga m'chitenje, ndikuganiza kuti mwina angaisoke. Ndidaitulutsa.

Adaiyala pathebulo lodulirapo nsalu, naisalaza ndi chikhatho. Adawerenga kansalu kaja. Sadaseke. Adangoti, "Dikirani."

Nthawi imeneyo nkuti anthu othawa nkhondo ku Mozambiki atadzaza m'midzi ya m'malire, ndipo zovala zakaunjika zidayamba kuoneka pamsika. Anthu ankabwera nazo kwa Abiti Saidi kuti awachepetsere kapena kuwakulitsira. Adalowa m'sitolo, natuluka ndi masikipa anayi. Adandionetsa kukhosi kwa iliyonse.

"Simudziwa kuwerenga, koma maso muli nawo. Chilembo ichi ndi chofanana ndi chanucho?"

Chidali chofanana. Ndodo yoima, ndi kaphazi kake pansi.

Adayala yoyamba, yofiira, yaikulu ngati thumba la fetereza. Pamwamba pake adayala yachiwiri, yoyera, yocheperapo ndi zala zinayi mbali iliyonse. Kenaka yachitatu. Kenaka yachinayi. Pamwamba pa zonse adayala yanga yachikasu. Idakhala pakati ngati mwana wagona pamphasa ya akuluakulu, mitundu ya zinzake ikusuzumira m'mbali monse.

"Zonsezi akuti L," adatero. "Yapansiyo ndi ya amuna. Kwa amuna L ndi L, amasoka molunjika ngati chitseko, aliyense amalowa. Zinazi ndi za akazi, ndipo iliyonse idachokera dziko lakelake. Onani iyi, adaidula m'chiuno ngati mkazi alibe mimba. Iyi manja ake ngoti mwana wa sukulu. Yanuyi adaifupikitsa dala, khosi nkulikumba. Amene adaidula sadakuoneni inu, sadandione ine. Adajambula mkazi wa m'mutu mwake papepala, nadula nsalu chikwi potsata pepalalo. Ndiye inu mwakhala chaka chathunthu mukudzidula kuti mufanane ndi pepala."

Ndidayang'ana mulu wa nsalu uja. Mphepo idakankha nkhungu mpaka pakhonde, tsitsi la mikono yanga nkugwira timadontho. Ndidati, chapansipansi, "Nanga adayezera pa ndani?"

"Mwamuna? Mwamuna amayeza?" Apa ndiye adaseka. "Amuna anga akhala telala zaka zonsezi, koma akapita ku Limbe kukandigulira nsapato amabwera ndi za msinkhu wa mlongo wawo. M'phukusimo mudalibe china?"

Ndidati mudali nsapato za mwana.

"Zidamukwana?"

Sizidamukwane. Zidali zazikulu moti mpaka tsiku limenelo zidali zikudikirabe phazi lake. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti a Filipo adayezera pa mwana wa yani.

Abiti Saidi adachotsa tepi m'khosi mwawo. "Imani. Kwezani manja."

Adandiyeza mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika kwa msana. Tepi idali yofunda chifukwa chokhala pakhosi pawo. Padali patapita zaka munthu asanandikhudze mofatsa chotero. Adalemba manambala ndi choko pathebulo, nagogoda pa nambala ya mapewa.

"Iyi ndi ya Mulungu, sidzasintha mpaka kumanda. Zinazi mwazibera. Muzibweze. Nsalu ndi imene imatsata munthu. Idyani phalalo lisanazizire."

Ndidadya. Ndidalira ndikudya, mamina ndi misozi zikugwera m'mbale, iwo nkubwerera pamakina ngati sakuona. Nditayang'ana kumseu, nkhungu idali nkhungu chabe. Mudadutsa bambo wokankha njinga ya makala, basi.

Musaganize kuti ndidachira tsiku lomwelo. Ndikuuzeni zimene ndidachita, mwina wina atolapo kanthu.

Choyamba chidali kudya m'mawa ndisanatuluke m'nyumba, ngakhale mtima ukunyansidwa. Njala ndi mowa ndi pachibale, mmodzi akalowa amatsegulira mnzake.

Kenaka ndidapempha Abiti Saidi kuti ndizikhala pakhonde pawo. Sindinkadziwa kusoka. Adandipatsa lezala ndi mulu wa zovala kuti ndizisomola misoko. Masiku oyamba ndidadzicheka zala zonse, thukuta likutsika kuli kozizira. Kutsidya kwa mseu ndinkakuona ndili pomwepo, utsi wa kachasu ukukwera kuseri kwa nyumba. Abiti Saidi adatembenuza mpando wanga kuti uziyang'ana kukhoma. Ikakwana nthawi yawo yopemphera ankandiuza kuti, "Inunso muuzeni wanuyo, ndi mmodzi yemweyo," ine nkutulutsa korona imene ndidali nditaiiwala m'thumba.

Ndidagwanso kamodzi. Kudali kusadaka yokumbukira malemu amalume, mowa uli mbwee, wina nkundipatsa chipanda kuti ndingolawa. Ndidadzuka mawa lake kuseri kwa khola. Ndidafuna kubisala, koma ndidadziwa kuti ndikajomba tsiku limodzi ndajomba mpaka kale. Ndidapita pakhonde ndikununkha. Abiti Saidi adandiyang'ana, nandipatsa lezala. "Msoko ukakhota timasomola nkuyambiranso," adatero. "Sititaya nsalu." Kuyambira pamenepo pamaliro ndi pasadaka ndimakhala kumaphikiro, manja ali m'madzi otsukira mbale, ndipo ndimauziratu mayi mmodzi kuti azindiyang'anira.

Chovuta kuposa zonse chidali kunena zoona. Ndidapita kwa akulu anga, ndidagwada pabwalo pawo anthu akuona, ndidabweza mawu aja a nsanje. Ndidatsitsa makalata paphaso, ndidapita nawo kwa akazi a aphunzitsi kuti andiwerengere. Mudalibe za mkazi wina. Mudali za kuzizira kwa kumeneko, za mnzawo amene mwala udamuphwanya mwendo, ndi funso lobwerezabwereza lakuti bwanji sindikuyankha. Ndidawapempha kuti andilembere yankho, ndipo ndidati alembe zonse, za kachasu, za mbuzi, za mwana pamsika. Adandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndidati lembani.

Yankho lidabwera patapita miyezi iwiri. Mbali yoyamba idali yaukali, ndipo adayenera kukalipa. Koma kumapeto adalemba za sikipa. Adati adalowa m'sitolo yaikulu, chinenero cha wogulitsa osachidziwa bwino. Pofuna kumuonetsa msinkhu wanga adatambasula mikono nakumbatira mpweya, monga ankandikumbatira ine. Wogulitsayo adaseka, nawapatsa imene adati ndiyo yaikulu pa zonse za akazi. Iwo sadaitambasule nkomwe, idali m'pepala lake. "Ndidasankha yachikasu," adalemba choncho, "poti tsiku lija ndidakuona koyamba udanyamula dengu la mapichesi."

Kaya kumeneko adali ndi wina, sindidziwa, ndipo sindidafunse. Adabwera pamene amuna onse a kumigodi adawabweza kumudzi, ali ndi chifuwa chimene sichidawasiye mpaka adatisiya. Zaka zimene tidakhala limodzi zidali zabwino. Adapeza mkazi wathupi lake, monga adamusiyira.

Pakhonde paja ndidaphunzira kupalasa makina. Ntchito yanga yeniyeni idakhala yomweyo ya masikipa. Amayi ankabwera nayo kuchokera pakaunjika nkhope zili zakugwa, wina akuti ndanenepa, wina akuti thupi langa ndi lopotoka. Ndinkatenga sizasi nkuyamba ndadula kansalu ka kukhosi, iwo akuona. Kenaka ndinkasomola m'mbali, kuyambira m'chiuno mpaka kumanja, nkuikamo chidutswa cha nsalu ina, chopingasa m'khwapa kuti mkono uzikwera momasuka pogwira mtsuko pamutu. Yaifupi ndinkailumikiza m'munsi, ya khosi lotsika ndinkaiikira kansalu kutsogolo. Abiti Saidi atamwalira, ana awo adandisiyira makinawo. Ndidapita kumaliro awo ndidafunda mpango woyera, ndidakhala pakati pa amayi achisilamu ngati mwana wa m'nyumbamo.

Melifa adakhala kwa akulu anga chaka ndi miyezi. Ndinkapita Loweruka lililonse, m'maso muli gwa, ndi nthochi kapena kadiresi. Ankandilandira ndi manja awiri ngati mlendo, nkukabisala kuseri kwa a Anasitaziya, amene ankawaitana kuti amayi. Ine sankanditchula chilichonse. Sindidamukakamize. Loweruka lina ndikutsanzika, ndidangoona watenga kathumba kake, wayamba kutsogola panjira ya kwathu. Akulu anga adandikodola kuti ndisanene kanthu. Ndidamutsatira pambuyo mpaka kunyumba.

Tsono inu amene mwabwera lero fungo likadali m'malaya, musachite manyazi, ine ndakumvani kale ndipo sindidasunthe. Sindikunamizani kuti mukasiya zonse zimabwerera. Thupi lidabwerera. Munda udabwerera, banja lidabwerera. Mwana wanga adakula, adakwatiwa ku Kandeu, ali ndi ana ake, ndipo amati za tsiku la pamsika lija sakumbukira kalikonse. Ndimamukhulupirira. Koma Melifa mpaka lero sadikira munthu. Mukapangana kuti mukumane pamphambano, mukachedwa pang'ono mupeza palibe. Akabwera kudzandiona, pobwerera ndimamuperekeza pasiteji, ndipo basi ikachedwa amangonyamula chikwama nkuyamba kuyenda wapansi, kuti ikampeze kutsogolo. Anthu amati ndi wopupuluma. Ine ndimadziwa kumene adaphunzira.

Ndimaima pamenepo ndikumuyang'ana akutsika ndi mseu, mapewa ake otambalala ngati anga, mpaka atakhota. Sindimuitana kuti adikire. Mawu amenewo ndidawawononga ndekha.

Amene muli ndi ana kunyumba, pali wina wakhala penapake manja ali pamaondo. Pitani akadali pomwepo. Zikomo, ndakhala pansi.